Pa dima sabwera ndi chikho chokha

Muli tyani a ku Sasare, a pa Boma ku Petauke, a ku Nyimba, ndi inu amene munapita ku Lusaka ndi ku Migodi koma mchombo unatsala kuno. Lero ndalemba zazitali, ndipo zina mwa izo ziwawa. Amene bandulo yatsala pang'ono musade nkhawa, mawu olemba sadya bandulo ngati vidiyo. Pezani pokhala, muwerenge mpaka pansi, ndipo ngati ndanama mundiyankhe pompano anthu onse akuona.

Sabata yatha pa Chiwiri m'mawa ndinafunsa funso limodzi pa gulu lathu la WhatsApp. Ndinati, nshawa zoswa akugula zingati pa kilo ku Petauke ndi ku Nyimba? Sindinali kudzifunsira ine. Ndinali kufunsira mayi wina wamasiye wa m'chigawo chathu amene alibe foni yaikulu, ndipo ogula anali atafika kale pamudzi, sikelo atapachika pa mtengo. Mudziwa kuti foni imaonetsa amene awerenga uthenga. Ndinaona mayina anu atandandalika ngati mzere wa pa chigayo. Ena mwa inu nthawi imeneyo munali mutakhala pa msika penipeni, ena munali mutagulitsa nshawa dzulo lake. Palibe ndi mmodzi yemwe anayankha. Dzuwa lili pamutu munthu wina anaponya chithunzi cha maluwa cholembedwa kuti lemba Amen ngati ufuna kuti mwezi uno ukuyendere bwino. Abale, ma Amen anagwa ngati matalala. Madzulo mayi uja anagulitsa pa mtengo umene ogulawo anatchula, pakuti mwana anali kufuna nsapato za kusukulu ndipo panalibe wina womuuza kuti dikirani. Pa Chinayi ndinamva mtengo weniweni wa pa Boma. Ndalama imene anataya ikanamufikitsa pafupi ndi thumba la fetereza.

Sindidana ndi Amen, iyayi. Pa Sondo ndimamunena kangapo kuposa ambiri a inu. Chimene chandipweteka n'chakuti chala chimene chinapeza mphamvu yolemba Amen chinasowa mphamvu yolemba nambala.

Inu achinyamata simudziwa mmene nkhani zinali kuyendera kale. Wolankhula anali mmodzi, enafe tinali makutu chabe. Wailesi ya boma ikalankhula kuchokera ku Lusaka, ife tinali kungogwedeza mitu pansi pa mtengo wa mango. Ikanena zolakwika za dera lanu munali kuitukwana wailesiyo, iyo osamva. Nyuzipepala inali kufika pa Boma itagona panjira, ndipo kumudzi inali kufika itakulunga kale zitumbuwa. Mtengo wa mbewu anali kuudziwa wogula yekha, ndipo mlimi anali kufunsa mogwada ngati akupempha.

Ngakhale intaneti inayamba motero. Mu 1989 Tim Berners-Lee, Mngelezi amene anali kugwira ntchito ku CERN pafupi ndi Geneva, ndiye anapeza njira yolumikizira masamba a pa makompyuta kuti munthu azichoka pa tsamba ili kupita pa lina. Kuno kwathu inafika mu 1994 kudzera mu ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesite ya UNZA, ndipo Zambia inali pakati pa mayiko oyambirira mu Africa muno kulumikizidwa. Koma intaneti ya masiku amenewo inali ngati bolodi la zidziwitso la pa ofesi ya boma, lija lotsekedwa ndi galasi. Wokhala ndi kiyi amamatapo pepala, iwe umaima panja n'kuwerenga, n'kumapita. Kuti ulembepo unafunika kudziwa chinenero cha makompyuta ndi kukhala ndi ndalama.

Kenako galasi lija linachotsedwa. Mu 2001 kunabadwa Wikipedia, buku lalikulu la chidziwitso limene aliyense angathe kulembamo ndi kukonza zimene mnzake walakwitsa. Mu 2004 kunabwera Facebook, mu 2005 YouTube, mu 2009 WhatsApp. Akatswiri ku America anapatsa kusinthaku dzina lakuti Web 2.0, ndipo Tim O'Reilly ndiye analitchukitsa pa msonkhano wa ku San Francisco mu 2004. Dzinalo musavutike nalo. Tanthauzo lake n'lakuti wowerenga anapatsidwa cholembera. Ndipo musaganize kuti ife tinali kumchira kwenikweni. Mu July 2014, Facebook itafuna kuyesa pulogalamu yake ya Internet.org, yolola anthu kulowa pa masamba ena osalipira bandulo, dziko loyamba pa dziko lonse lapansi linali Zambia, pa Airtel.

Ife a Kum'mawa tinali titalawa kale kukoma kwa zimenezi pa wailesi. Mike Daka atatsegula Breeze FM ku Chipata, anthu anayamba kulembera Gogo Breeze makalata a madandaulo awo, iwo n'kumawawerenga pa wailesi, nthawi zina n'kunyamuka kukafunsa amene akudandaulidwayo. Nkhaniyo inamveka mpaka kunja, moti mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Cambridge, Harri Englund, analemba buku lathunthu la Gogo Breeze limene linatuluka mu 2018. Kuno ku Petauke tili ndi PASME ndi Explorers, ndipo mumadziwa mmene mafoni amalirira pulogalamu ikakhala ya fetereza. Koma pa wailesi amalowa ndi anthu asanu kapena khumi, nthawi n'kutha. Pa gulu la WhatsApp pangalowe anthu mpaka 1,024, ndipo aliyense ali ndi maikolofoni yake m'thumba, usana ndi usiku.

Tsono tamverani bwino apa. Facebook ilibe mtolankhani ku Petauke. WhatsApp ilibe kalaliki ku Nyimba. Zonse zimene mumawerenga mmenemo zimalembedwa ndi anthu ngati inu. Mu 2014 Facebook inagula WhatsApp pa madola pafupifupi 19 biliyoni, pamene kampaniyo inali ndi antchito osakwana 60. Sanali kugula nyumba kapena fakitale. Anali kugula khamu la anthu olemberana. Ndiye ngati a ku Sasare salemba mtengo wa nshawa wa ku Sasare, palibe mzungu ku California amene adzaulembe. Malowo adzakhala opanda kanthu, kapena adzalembapo ndi munthu amene amapindula inu mukakhala mumdima.

Akuluakulu mukumbukira dima. Mwini munda amafulula thobwa kapena mowa, amapha nkhuku, n'kuitana mudzi. Anthu amabwera m'mamawa aliyense khasu lake paphewa, ndipo munda umene ukanamutengera mwezi umatha dzuwa lisanapendeke. Mawa mupita kwa wina. Pa dima lililonse pamakhala uja amene amafika mochedwa, khasu waiwala, koma chikho sanaiwale. Anthu samukalipira. Amangomuyang'ana, n'kusunga mumtima, ndipo tsiku la munda wake aliyense amakhala ndi maliro kutali. Intaneti ya masiku ano ndi dima. Ndipo ndikayang'ana magulu athu, a mpingo, a msika, a kopaletivu, a makolo a pasukulu, ndikuona zikho zambiri, makasu ochepa. Munthu ali pa gulu zaka zitatu, amawerenga zonse, amapindula ndi zonse, koma mawu ake okha amene tinawaonapo ndi chala choloza m'mwamba. Mwalowa liti mumzera inu?

Inu amalonda, tiyeni tikambirane maso ndi maso, pakuti ndidziwa chimene muti munene. Muti, mtengo ndi chinsinsi changa, ndikauza anthu kumene ndimaoda mawa onse adzadzaza basi, ine ndidye chiyani? Pamenepo ndikumverani. Amene amakupatsani belo yabwino ya salaula ku Lusaka musatiuze, ndi thukuta lanu, munamupeza mutayenda. Koma mtengo umene akugulira nshawa pa sikelo ya poyera, pamsewu, anthu onse akuona, umenewo ndi chinsinsi cha ndani? Ndikuuzeni amene amadya chinsinsi chimenecho. Ndi uja wa thiraki. Iye ali ndi gulu lake kale. Asananyamuke amadziwa mtengo wa ku Soweto, wa ku Chipata, ndi wa kutsidya la malire ku Chanida. Iye ndi anzake amauzana m'mawa uliwonse. Amene sauzana ndi ife eni mbewu ndi inu a tuntemba. Tili ndi foni zofanana ndi zake, netiweki ndi yomweyo, koma iye amaigwiritsa ntchito ngati khasu, ife ngati galasi lodziyang'anira.

Taonani chimanga. Mu 2024 FRA inalengeza K330 pa thumba la makilo 50, ndipo mtengowo unamveka pa wailesi iliyonse. Wogula akabwera ndi mtengo wapansi, ngakhale agogo anali kudziwa kuti akundidula zakutizakuti, ndipo akalola anali kulola akudziwa, chifukwa chofuna ndalama ya pamanja. Koma nshawa, mpendadzuwa, nthochi, mbuzi, nkhuku, palibe nduna imene idzaime pa wailesi kulengeza mtengo wake. Nduna yake ndinu. Mukakhala chete, ofesiyo ilibe munthu.

Ndipo musaganize kuti kubisaku kumapweteka mlimi yekha. Inu amayi a nthochi a ku Nyimba, ndi kangati mwakweza katundu pa kanta, mwalipira transipoti, mwadutsa pa Luangwa Bridge usiku, kukafika ku Soweto n'kupeza magalimoto ena a nthochi atafika kale, msika utasefukira? Nthochi sizidikira. Tsiku lachitatu mumagulitsa molira, kuti mungopeza yobwerera. Mnzanu amene anafika dzulo lake anaona zonse, foni ili m'manja. Uthenga umodzi wakuti lero musabwere, kwadzaza, ukanakupulumutsani. Sanalembe chifukwa nayenso anaphunzira kuti mnzako wa pa msika ndi mdani. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti anthu omwewa ali limodzi mu chilimba. Mumakhulupirirana pa ndalama, mwezi ndi mwezi, popanda loya, popanda polisi. Ndalama mupatsana, koma mawu mumanana. Zimenezi ine sindizimvetsa.

Pali wina woipa kuposa wachete. Ndi uja amene amalemba mtengo wabodza dala. Amaponya pa gulu kuti soya yagwa ku Lusaka, gulitsani msanga, pamene mphwake ali kale panjira ndi honda ndi masaka opanda kanthu. Ameneyo sasiyana ndi wokonza sikelo kuti izidya makilo awiri pa thumba. Wa sikelo amabera munthu mmodzi pa nthawi, wa pa gulu amabera mudzi wonse ndi chala chimodzi. Ukudzidziwa. Nafenso tayamba kukudziwa, chifukwa foni siiwala, uthenga wako ukadalipo ndi tsiku lake.

Manje ndibwere kwa inu otumiza. Simulemba kanthu kanu, koma chilichonse chimene chagwera mu foni mwanu mumachikankhira ku magulu onse, ngati mwana amene watola chinthu pamsewu n'kuthamanga nacho kunyumba osayang'ana ngati ndi njoka. Mankhwala ochiza matenda onse, ntchito za ku Dubai, boma likugawa ndalama dinani apa, mwana wabedwa koma osanena kuti ndi kuti kapena liti. Tikakufunsani mumati, ine ndangotumiza mmene ndalandirira. Abale, amene wanyamula moto kuchoka nawo kwa mnansi n'kuugwetsera pa denga la udzu sanganene kuti motowo sanakoleze ndiye.

Mwaiwala kodi chaka cha 2020? Nkhani ya gassing inayambira ku Chingola, ndipo pa masabata ochepa inali itafika m'zigawo zonse. Zina zinachitikadi, koma zambiri zimene zinatisowetsa tulo zinali mauthenga a pa foni, zithunzi zopanda malo, mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika akulira kuti afika, afika. Anthu anagona panja ndi zibonga. Mlendo aliyense anasanduka mdani. Anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya m'dziko muno, ambiri mwa iwo popanda umboni uliwonse, ena okalamba, ena odwala misala, ena apaulendo amene anangosochera njira. Amene anaponya miyala ali ndi mlandu wawo. Nanga amene anatumiza uthenga uja kwa anthu mazana atatu ali chigonere pa mphasa, manja ake ndi oyera? Eni ake a WhatsApp anaona zotere ku India mu 2018, anthu akuphedwa chifukwa cha mphekesera za kuba ana, ndipo mu January 2019 anachepetsa kutumiza kuti uthenga uzipita ku malo asanu okha pa nthawi imodzi. Mu 2020 anawonjeza kuti uthenga umene wayenda kwambiri, uja wokhala ndi mivi iwiri pamwamba, uzipita ku malo amodzi. Kampani inaika chotchinga chifukwa inaona kuti zala zathu zilibe mabuleki. Mukaona mivi iwiri ija, dziwani kuti chinthucho chadutsa m'manja ambiri ndipo palibe akudziwa amene anachiphika.

Chodabwitsa n'chakuti uthenga wofunika kutumiza ndi umene simutumiza. Akuba a pa foni akakulemberani kuti tumizani ndalama ija pa nambala iyi, kapena akakuimbirani ngati a kampani ya foni n'kukufunsani PIN, mumakhala chete chifukwa cha manyazi, makamaka akakudyerani. Mawa amadyera mnzanu ndi nambala yomweyo. Lembani pa gulu kuti nambala yakuti ndi ya wakuba. Dinani *707# muipereke ku ZICTA. Manyazi anu akudyetsa mbava.

Ma admin musaseke, ndafika kwa inu. Ena mwa inu mutatopa ndi phokoso munatseka gulu kuti muzilemba nokha. Ndikumvetsa, pakuti nanenso ndinadzukapo pakati pa usiku chifukwa cha vidiyo ya mbuzi yovina. Koma mwachita chiyani? Mwabwezera galasi pa bolodi lija, kiyi mwaika m'thumba. Gulu la anthu mazana awiri lasanduka wailesi ya munthu mmodzi. Mayi amene waona kuti mlatho wakokoloka alemba kuti? Mnyamata amene waona ng'ombe zachilendo zikuyendetsedwa usiku auza ndani? Munthu sathetsa phokoso la pa dima polanda anthu makasu. Ikani malamulo ochepa omveka, wotumiza zabodza mumuchenjeze poyera, akabwereza kawiri mumutulutse ngakhale akhale mkulu wa mpingo kapena mlamu wanu. Pamenepo mpamene pamavuta, ndidziwa. Kutseka gulu lonse n'kosavuta kuposa kudzudzula munthu mmodzi wolemekezeka.

Ena mwandiuza kumbali kuti, ife timaopa, masiku ano kulemba pa foni kumamangitsa. Mantha amenewa sindiwapeputsa. Mu 2021 kunabwera lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act, ndipo mu April 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, amene ngakhale bungwe la maloya la LAZ linadandaula nawo. Nanenso ndili ndi mafunso anga pa malamulo amenewa, ndipo ndi bwino kuti nzika zizifunsa. Koma tisabisale kumbuyo kwa lamulo. Kulemba kuti mpendadzuwa lero akugula mwakuti pa Boma si mlandu. Kulemba kuti ku kiliniki katemera wa ana ndi pa Chitatu si mlandu. Ndipo ndaona kuti ambiri amene amati amaopa lamulo, pa kutukwana anthu a chipani china saopa. Mantha amawagwira pokhapokha pofunika kuthandiza.

Chimene muyenera kuopa chenicheni ndi china. Munda umene tikulimamowu si wathu. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinazima m'dziko muno, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linapita ku Khoti Lalikulu, khoti n'kulamula kuti zitsegulidwe. Tsiku limenelo tinaphunzira kuti chipata chili ndi mwini. Boma lingatseke, kampani ingasinthe malamulo ake osatifunsa, foni ingagwere m'chitsime. Ndiye msungichuma wa chilimba kapena wa village banking amene mawerengero ake onse ali mu WhatsApp mokha, ameneyo akusewera ndi ndalama za anthu. Lembani ndi m'kabuku. Manambala a anthu ofunika akhalenso pa pepala. Wobwereka munda amalima mwamphamvu, koma nkhokwe amamanga pakhomo pake.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa manyazi. Tengani foni, mulembe dzina lakuti Sasare pa Google. Zambiri zimene mudzapeze ndi za miyala. Mgodi wa golide wa masiku a atsamunda, malipoti a makampani ofufuza kopa ndi golide, zonse m'Chingelezi, zolembedwa ndi anthu amene anabwera ndi galimoto, anakumba, napita. Munthu wa kutali angaganize kuti kuno kuli miyala yokha, kulibe anthu. Za midzi yathu, za mitsinje imene imadzaza mu February n'kutsekereza ana a sukulu, za mbewu zimene zimachita bwino m'dothi lathu, za mmene Ansenga amachitira Tuwimba kwa a Kalindawalo, ndani adzalembe? Wikipedia ya Chingelezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Ya Chichewa ilipo, koma nkhani zake sizifika ngakhale 2,000, pamene olankhula chinenerochi tili mamiliyoni ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique. Ya Chitumbuka, cha anansi athu a ku Lundazi, inatipitirira kale kutali, chifukwa anthu ochepa chabe anakhala pansi n'kuyamba kulemba. Ya Chinsenga kulibe n'komwe. Palibe anatiletsa. Chitseko chili chotsegula kuyambira kale, ife tili pakhonde kujambulana zithunzi.

Ndisakunamizeni kuti n'zophweka. Wikipedia siilandira nkhani yakuti agogo anandiuza. Imafuna kuti usonyeze buku, nyuzipepala kapena lipoti pamene zinalembedwa, ndipo zambiri zathu sizinalembedwe paliponse, ndiye poyambira ndi pomwepo, kuzilemba. Koma pali ntchito ina imene imafuna maso ndi miyendo chabe. Kuli mapu otchedwa OpenStreetMap, amene Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004, ndipo amajambulidwa ndi anthu wamba. Namondwe wa Idai atawononga Beira mu March 2019, anthu ongodzipereka a m'mayiko ambiri anakhala pa makompyuta kujambula misewu ndi nyumba za ku Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe kuti opereka thandizo adziwe kolowera. Iwo anali kuona madenga kuchokera m'mwamba, koma dzina la mudzi, mjigo umene ukugwira ntchito, njira imene honda imadutsa m'dzinja, zimenezo amadziwa ndi mwini dera. Inu anyamata ndi atsikana amene munamaliza Grade 12 ndipo mukuti kulibe chochita, bandulo imene mumathera pa TikTok usiku umodzi ingaike mudzi wanu, sukulu yanu ndi kiliniki yanu pa mapu amene dziko lonse limaona. Tsiku lina woyendetsa ambulansi wachilendo adzafuna njira ya kwanu usiku.

Ndipo lembani m'chinenero chanu. Ndaona anthu amene pa msika amalankhula Chinsenga chokoma, chothyakuka, koma akafika pa gulu amavutika ndi Chingelezi chothyokathyoka, kenako amangosiya kulemba chifukwa choopa kusekedwa. Ndani anakuuzani kuti foni imamva Chingelezi chokha? Lembani Chinsenga, lembani Chinyanja, sakanizani ngati mmene mumalankhulira. Amene kulemba kumakuvutani, dinani kamaikolofoni kaja mulankhule, koma mwachidule, osati ulaliki wa mphindi khumi. Ulaliki wautali tisiyireni ife. Ndipo inu ophunzira amene mumaseka sipelo ya anzanu pa gulu, mwatsekereza pakamwa anthu amene amadziwa za ulimi kuposa inu. Munthu wabwera ndi khasu, inu mukuseka chigamba cha pa malaya.

Ndidziwa kuti wina ati, a Reader mukulankhula ngati aliyense ali ndi foni yaikulu. Zoona, alibe. Kuno ena amakwera pa chulu kuti apeze netiweki, ena amalipira kuti atchajitse pa sola ya mnansi, ndipo chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, ngakhale a pa Boma anakhala maola ambirimbiri opanda malaiti. Bandulo ndi ndalama, ndipo pakati pa bandulo ndi mchere, mchere uyenera kupambana. M'nyumba zambiri foni yaikulu ndi ya bambo, mayi amene analima nshawazo saigwira n'komwe. Zonsezi n'zoona. Koma zikutanthauza kuti inu amene muli nayo simunaigwirire nokha. Pa mudzi wa mabanja makumi atatu mukakhala mafoni aakulu anayi, anayiwo ndiwo makutu ndi pakamwa pa mudzi. Zimene mwawerenga muziuze anthu pa mjigo, pa chigayo, potuluka m'tchalitchi. Zimene agogo aona m'munda, mbozi zachilendo pa chimanga kapena nkhuku zikufa motsatizana, muziwalembera pa gulu, kuti a mudzi wotsatira akonzeke ndipo alangizi amve msanga. Mayi wamasiye uja anachita mbali yake. Anayenda kudzandipeza, nandipempha kuti ndifunse. Amene analephera ndife a mafoni.

Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi chooneka, osati Amen, osati chala choloza m'mwamba. Mukagulitsa kapena mukaona akugula, lembani motere: malo, tsiku, mbewu, muyeso wake ngati ndi kilo, meda kapena thumba, mtengo, ndiponso ngati akulipira pamanja kapena akuti mubwere mawa. Lembani zimene mwaona ndi maso anu. Ngati mwangomva, nenani kuti ndangomva. Mnzanu akalemba mtengo wosiyana ndi wanu musamutukwane, lembani wanu pansi pake, anthu aone onse awiri. Mukalakwitsa bwerani mukonze, palibe adzakudyani. Dzina la wogula musalembe ngati mulibe umboni wa cholakwa chake, mtengo wokha ukwanira.

Pa Chisanu 7 koloko m'mawa ndidzafunsanso pa gulu: nshawa, soya, mpendadzuwa ndi chimanga, ku Sasare, pa Boma, ku Nyimba ndi ku Soweto. A ku Lusaka mudzatithandize ndi Soweto. Mayi uja watsala ndi matumba awiri a soya, ndipo ogula anena kuti abweranso. Ndamuuza adikire mpaka pa Chisanu masana.